Dzenje la pawindo la besimenti likudzaza masamba ndi madzi, ndiliyeretse bwanji?

Funso: Abale a kuno ku America, thandizeni. Nyumba yomwe tikukhala ku South Bend, m'boma la Indiana, ili ndi besimenti (zipinda za pansi pa nthaka), ndipo mawindo ake awiri ali m'maenje okutidwa ndi malata kunja kwake, aja amati window well. Masamba a mitengo ya maple adzadzamo, ndipo mvula ikagwa madzi akumafika pagalasi. Ndingochotsa masambawo basi, kapena pali china chomwe chatsekeka?

Yankho 1: Mayi, masamba a pamwambawo si amene akukuvutani. Vuto ndi amene anawola chaka chatha n'kusanduka dothi. Pansi pa dzenjelo pamakhala timiyala ta kwale, ndipo m'nyumba zambiri muli paipi ya mainchesi 4 yoima chilili, yomwe imatsitsa madzi ku mapaipi a m'mbali mwa maziko mpaka ku sump pump, pampu yotulutsa madziwo kunja kwa nyumba. Dothi lija likalowa pakati pa timiyala, madzi amasowa kolowera.

Valani magolovesi, tolani masamba ndi manja, zotsalira mukoke ndi shop vac, makina okoka zinyalala ndi madzi. Kenako fukulani timiyala ndi kafosholo mpaka mupeze kamwa la paipi. Mukapeza timiyalato tamatirana ndi matope, tulutsani tonse, tiikeni pa sefa ya waya, mutitsuke ndi hosipaipi kutali ndi khoma, mutibwezere. Mukamabwezera, siyani mpata wa masentimita 10 mpaka 15 pakati pa timiyala ndi m'munsi mwa windo. Ambiri amalakwitsa apa, amathira mpaka kufika pafelemu, ndiye madzi akangokwera pang'ono alowa m'nyumba.

Mukamaliza thiranimo ndowa ziwiri za madzi. Akaphwa m'mphindi zochepa, zili bwino. Akangoima, paipi yatsekeka kunsi, apo pafunika pulambala wokhala ndi chingwe chotsegulira mapaipi. Musalimbane nayo ndi chitsulo, mungaiboole.

Yankho 2: Ndionjezere apa. Musanagwire dzenjelo, imani panja mvula ikugwa muone komwe madziwo akuchokera. Dzenje laling'ono chonchi nthawi zambiri silidzaza ndi mvula yogweramo yokha. Kawirikawiri ndi gutter (ngalande ya m'mphepete mwa denga) yodzaza masamba yomwe ikusefukira pamwamba pake, kapena paipi yotsitsa madzi a padenga ikuthira pafupi ndi khoma. Ionjezereni kuti izithira mamita awiri kuchoka panyumba. Nthaka nayo izitsetsereka kuchoka kukhoma, masentimita 15 pa mamita atatu oyamba. Mlomo wa lata ukhale pamwamba pa nthaka, osati wokwiririka ndi dothi kapena mulch (tizipalapasa ta mitengo tophimbira nthaka). Onaninso pomwe lata lakumana ndi khoma. Mabawuti akamasuka pamatseguka mpata ndipo dothi limalowera pamenepo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga chivindikiro? Ndaona ena amaikapo thabwa n'kutsamiritsa njerwa.

Yankho 3: Thabwa ndi njerwa ayi, chonde. Ngati m'besimentimo mukugona munthu, windo limenelo ndi khomo lothawira moto. Malamulo a zomangamanga omwe madera ambiri kuno amatsata amanena kuti chivindikiro chizitseguka munthu ali mkati, popanda kiyi kapena chida chilichonse, ndipo dzenje likazama kupitirira mainchesi 44 likhale ndi makwerero okhazikika. Mwana wa zaka khumi azitha kuchikankha yekha usiku, muyeso wake ndi umenewo.

Gulani chivindikiro cha polycarbonate (pulasitiki yolimba), choonekera, chopendekera kunja kuti madzi aziyenderera. Yezani kaye m'lifupi mwa dzenje ndi kutalika kwake kuchoka pakhoma, chifukwa maenjewa amasiyana. Zapulasitiki zopyapyala zotchipa zija zimang'aluka ndi kuzizira komanso kulemera kwa sinowo. Chisatseke ndithithi, mpweya uzilowa, apo ayi chinyezi chimabweretsa chuku pafelemu. Ndipo ngati paipi ya dryer (makina oumitsira zovala) kapena ya furnace (makina otenthetsera nyumba) ikutulukira m'dzenjemo, musavindikire musanafunse mmisiri.

Yankho 4: Yeretsani kawiri pachaka: kumapeto kwa Novembala masamba akatha kuyoyoka koma nthaka isanaume ndi chisanu, ndi mu Epulo kapena Meyi, nthawi yomwe timbewu ta maple tamapiko tija timagwa n'kumera m'timiyala. Pokalapa masamba kapena pogwiritsa ntchito blower (makina ouluzira masamba), lozetsani kutali ndi nyumba. Sinowo musamuunjike pakhoma, akayamba kusungunuka mu Malichi onse amathera m'dzenjemo.

Musanapise dzanja suzumirani kaye. Achule, mbewa ngakhale skunk (kanyama konga kanyimbi, kopopera fungo loipa) amagweramo. Mukapeza skunk musayandikire, ingotsetseretsanimo thabwa lokhakhala kuti akwere yekha usiku.

Yankho 5: Ngati nyumbayo ndi ya lendi, jambulani zithunzi madzi ali pagalasi mutumizire landilodi lero lomwe, polemba osati pakamwa. Kutola masamba mungachite nokha, koma kukumba kunja kwa lata ndi kukonza paipi ndi udindo wake. Amene adzakumbeyo ayambe waimba foni pa nambala ya 811 masiku angapo asanayambe, kuti a makampani adzaike zizindikiro pomwe padutsa mapaipi a gasi ndi mawaya a magetsi.