Pempho la thandizo pa kalembedwe ka manambala aakulu mu standard form

Aphunzitsi ndi nonse odziwa masamu, ndikupempha thandizo lanu. Ndine kholo la mwana wa sekondale kuno ku Nkhotakota, ndipo pa mutu wa standard form (njira yolembera nambala yaikulu mwachidule, ngati nambala yaing'ono yochulukitsidwa ndi 10 kangapo) tonse awiri tafika pothedwa nzeru.

Lamulo lake ndalimva ndithu. Mtunda wochoka pa dziko lapansi kufika kudzuwa, womwe ndi makilomita pafupifupi 150,000,000, timaulemba 1.5 × 10⁸, chifukwa kadontho kasuntha malo 8 kupita kumanzere. Mwanayu amangowerenga maziro, amapeza 7, n'kulemba 15 × 10⁷. Ndikamuuza kuti walakwa, iye amachulukitsa pamaso panga n'kundionetsa kuti yankho ndi lomwelo, ndipo kunena zoona sanganame. Kodi ndingamufotokozere bwanji chifukwa chake nambala yoyambayo iyenera kukhala yoyambira pa 1 koma yosafika pa 10, popanda kungonena kuti buku latero?

Vuto lina limabwera pa manambala osathera ndi maziro. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu 17,563,749. Kodi pa mayeso a MANEB mwana alembe manambala onse, kuti 1.7563749 × 10⁷, kapena afupikitse kuti 1.76 × 10⁷ ngakhale funso silinatchule za significant figures (kuti asunge manambala angati pofupikitsa)? Ine ndikuona kuti kufupikitsa osauzidwa n'kutaya malikisi dala, koma aphunzitsi ndinu amene mungatiuze zoyenera kuchita.