Mjigo wa pasukulu kapena odwala oiwalaiwala: ndalama za chaka chino zipite kuti?

Gulu la Chitukuko cha Kwathu, Chadiza

Mlembi (aBanda, Lusaka): Zikomo abale. M'thumba muli K42,000. Titakumana ku Kulamba tinagwirizana zokonza mjigo wa pasukulu, koma aNaphiri abwera ndi pempho lina. Amama, takambani.

aNaphiri (namwino, Chipata): Zikomo a mlembi. Nonse munamva za agogo aja anapezeka mbandakucha m'dimba la eni, ali ndi chitenje chokha. Anyamata anathamangirako ndi zibonga, akuti mfiti yagwa m'ndege. Ine ndinakawaona Loweruka. Anandigwira dzanja n'kundifunsa kanayi ngati amuna awo afika kuchokera kumigodi, chonsecho bambowo tinawaika kalekale. Awa ndi matenda a ubongo otchedwa dementia. Ndikupempha K15,000, tiphunzitse anthu awiri m'mudzi uliwonse kuzindikira zizindikiro, yotsala pa K15,000 imeneyi ikhale yonyamulira odwala kupita kuchipatala.

aTembo (Kitwe): Agogowo ndawamvera chisoni, koma ine ndikukana. Ana athu akumwa madzi a m'dambo. Kuiwala ndi ukalamba, tonse tidzafikako. Ndiponso ndamva kuti mankhwala ake kulibe, ndiye ndalamayo ithera pa maalawansi ndi zakumwa.

aNaphiri: ATembo, wokalamba amaiwala pomwe anaika fodya wake, madzulo n'kukumbukira. Wodwala amaima pamoto ndi mthiko osadziwa kuti ufa uthiridwa liti, pomwe waphika nsima zaka 60. Amasochera panjira ya kuchitsime. Amabisa ndalama, n'kunena kuti mpongozi waba, banja n'kupasuka. Bungwe la zaumoyo la WHO limati padziko lonse odwalawa ndi oposa 55 miliyoni, ndipo ambiri ali m'maiko osalemera ngati lathu lino. Mtundu wofala kwambiri ndi Alzheimer, ndipo zoona, wochiza palibe. Koma si aliyense wosokonezeka mutu amene ali nawo. Ena ndi chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12, chindoko chakale, HIV, kachasu kapena kukhumudwa kwakukulu, ndipo izi chithandizo chilipo. BP ndi shuga zikasiyidwa zimawononganso ubongo. Nanga tidziwa bwanji ngati munthuyo sitinapite naye kukayezedwa?

aNangozo (Ndola): Ine ndimangowerenga m'gulu muno, lero ndilankhule. Mlongo wanga nonse mukumudziwa, uja amasesa kutchalitchi. Anabadwa ndi Down syndrome, vuto lochedwetsa kukula kwa nzeru, tsopano ali ndi zaka 47. Kuyambira ali mnyamata amamanga mbuzi yekha, mfundo yake simasuka. Chaka chatha anayamba kungoima atagwira chingwe, akuyang'ana mbuzi. Pakhomo akafika amaopa kuponda ngati pali dzenje. Mu Juni anagwa khunyu, chinthu chimene sanadwalepo. Kunyumba ankangoti ndi mmene alili, ena amati wayamba ulesi. Titapita naye kukiliniki anamufunsa tsiku la mwezi ndi dzina la pulezidenti. Zimenezo sanazidziwepo chibadwire. Zoti kale amamanga mbuzi, amasamba yekha, amaimba nyimbo zonse za kwaya, palibe anafunsa, ndipo ife tinalibe pomwe tinalemba. Tinabwerako ndi panado.

aMwale (mphunzitsi, Katete): Pepani kwambiri alongo. Ine ndinkadabwa kuti bwanji sakuonekanso pa Sande.

aNaphiri: Zikomo aNangozo, mwafika penipeni. Ma chromosome ndi tizinthu ta m'thupi tonyamula majini, malangizo a chibadwa chathu, ndipo anthu a Down syndrome ali ndi ma chromosome a nambala 21 atatu m'malo mwa awiri, pomwe jini yokhudzana ndi Alzheimer ili pomwepo. N'chifukwa chake ambiri amayamba kudwala ali m'zaka za m'ma 40 ndi 50, pomwe anzawo akadali amphamvu. Khunyu yoyamba munthu atakula kale ndi chizindikiro chachikulu. Munthu wotere sitimuyerekeza ndi anthu ena, timamuyerekeza ndi mmene iye mwini analili. Ndiye m'pempho langa muli makope. Banja lililonse lokhala ndi munthu wolumala nzeru lilembe, akangopitirira zaka 30, zimene amachita yekha: kuvala, kudya, kutumidwa kugolosale, maina amene amawadziwa. Chaka ndi chaka aziyang'anamo. Dokotala kuchipatala cha Chipata Central kapena cha St Francis akaona kopelo ali ndi poyambira, ndipo ayambe wayeza makutu, maso ndi chithokomiro. China chofunika: munthu akasokonezeka mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero sakudziwa anthu, musadikire. Akhoza kukhala malungo, sitiroko kapena matenda a m'chikhodzodzo.

aMwale: Ine ndili kumbali ya aNaphiri, koma anyakwawa akhalepo pa maphunzirowo, chifukwa milandu ya ufiti imayambira pabwalo lawo. Lamulo la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, anyamata aja auzidwe. Za mjigo, bwanji osalemba kalata ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya m'wadi mwathu? CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu aliyense, inakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, madzi ndi ntchito yake.

aTembo: Kalata tilembe, koma yankho silibwera mawa, ndipo mvula ikayamba ana atsegula m'mimba. ANangozo, mawu anu andilasa, sindinadziwe kuti zafika apa. Makope ndi thiransipoti ndavomera. Maalawansi ayi. Aliyense abwere ndi ufa wake, tiphike pasukulu. Ndipo mjigo ukonzedwe choyamba.

aNaphiri: Popanda maalawansi K9,000 ikwana. Ine ndiphunzitsa ulere, ndipempha mnzanga woona za matenda a maganizo andiperekeze.

Mlembi: ATembo, funsani amisiri ngati K33,000 ingakwane mapaipi ndi silinda, mutiuze pofika Lachisanu. Voti ndi Sande madzulo.

aNaphiri: Voti isanafike pali chachangu. Agogo aja akuwatsekera m'nyumba tsiku lonse kuopa anthu, ndipo mdzukulu amene akuwasamala wasiya sukulu. Ndipita Loweruka pa njinga. Ndikufuna bambo mmodzi wamkulu woti tikalankhule naye kwa a nyakwawa ndi kwa amalume ake a mwanayo.

aMwale: Mundipeze pamphambano 8 koloko.