Uchi pa chifuwa cha ana, ndithandizeni maganizo

MayiWaAwiri

Abale ndithandizeni. Kuno ku Bangwe chiperoni chatikwana, nyumba yonse tikutsokomola kuyambira ineyo, bambo a kunyumba, wamkulu wa zaka 4 mpaka kakhanda ka miyezi 8. Ndiye apongozi abwera kuchokera kumudzi atanyamula uchi botolo lija la Sobo lodzadza ndithu, akuti tisataye ndalama ndi mankhwala a mugolosale aliyense azimwa uchi wa mandimu ndi jinja m'madzi ofunda, kakhandako ndizikanyambititsa pachala usiku kuti kagone. Wamkuluyo ndamupatsa kale ndipo dzulo anagonako bwino sindinama. Koma pa kakhandaka mtima ukukana. Kodi n'kupatsa?

Lina ndi ili, bambo awowa ali ndi matenda a shuga koma akuthira masupuni awiri mu tiyi akuti uchi ndi wachilengedwe palibe vuto. Komanso pansi pa botolopo uchiwo wagwirana ngati mchenga, kodi ogulitsawo sanawapusitse apongozi n'kuthiramo shuga?

NesiWapaZomba

Asisi mtima wanuwo wakuuzani zoona, kakhandako MUSAKAPATSE, ngakhale kadontho ka pachala. Mwana asanakwane chaka sadya uchi, kaya wa m'sitolo wa lebulo yokongola kaya wakumudzi. Mu uchi mumatha kupezeka timbewu ta kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, akuluakulufe matumbo athu anakhwima timangotidutsitsa osamva kanthu koma m'mimba mwa khanda timamera n'kuyamba kutulutsa poizoni wofoola minofu. Mwana amayamba ndi kudzimbidwa, kenako kuyamwa mofooka, kulira kwa mawu otsika, khosi lende, zikafika poipa amalephera kupuma. Sizichitika kawirikawiri n'chifukwa chake apongozi akuuzani kuti ife tinalera ana athu choncho ndipo alipo, koma ikakugwera ndi nkhani yogonekedwa ku Queens. Ndipo musati ndiwiritsa kaye, timbewu timeneti sitifa ndi kuwira kwa pambaula.

Wa zaka 4 uyo pitirizani, kasupuni kakang'ono ka tiyi asanagone. Uchi umafewetsa pakhosi, kutsokomola kwa usiku kumachepa, mwana amagona inunso mumagona. Ntchito yake ndi imeneyo basi, suchiza chibayo kapena malungo. Mukaona thupi latentha, akupuma mofulumira kapena pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, thamangani kuchipatala usiku omwewo. Kakhandako kayamwitseni pafupipafupi, mphuno zikatseka muzikapukuta, ngati kakutentha thupi kakayezedwe malungo. Ndipo aliyense pakhomopo chifuwa chikapitirira masabata awiri akapereke makhololo ayezedwe TB, anthu ambiri amachedwa akumwa mandimu ndi adyo miyezi.

Za abambowo kkkk auzeni kuti nzimbe nazonso ndi zachilengedwe. Uchi pafupifupi 80% yake ndi shuga, kotsalako kwambiri ndi madzi. Masupuni awiri mu tiyi aliyense shuga wawo akwera ndithu, ngati ali ndi kamakina koyezera aziyeze okha pakatha maola awiri atamwa aone.

Madala_wa_Njuchi

Mayi ine ndimasunga njuchi kuno ku Rumphi mmbali mwa Nyika ndiye ndiyankhe za mchengazo. Uchi kugwirana pansi si umboni woti ndi wabodza ayi, uchi weniweni umachita zimenezo makamaka nyengo yozizira ngati ino, zimatengeranso maluwa amene njuchi zinadya, wina umagwirana msanga wina umatha chaka uli wamadzi. Ife zimatipweteka kwambiri makasitomala akutibwezera mabotolo kuti mwathira shuga pamene amene wathiradi shuga wophikayo botolo lake likuwala mbee anthu n'kumalimbirana. Ikani botolo m'beseni la madzi ofunda usungunuka wokha, osauika pamoto.

Chimene muyenera kuyang'ana ndi china. Tsegulani botolo mununkhize. Ngati likutulutsa mpweya ngati thobwa logona, pamwamba pali thovu lambiri ndipo ukumveka kuwawasa, ameneyo anafula uchi usanakhwime. Njuchi zikamaliza ntchito zimamata zisa ndi phula, apo madzi amakhala atatsika osapitirira 20%, koma anthu a changu amafula zisa zosamata, ena amafinyira limodzi ndi ana a njuchi omwe, ndiye uchi umasasa. Wina umanunkha utsi kwambiri chifukwa anafula ndi moto wa udzu usiku m'malo mwa simoka, kachipangizo kofukizira njuchi utsi. Wotere ine mwana sindingamupatse.

Zoyesa ndi machesi kapena kudonthezera m'kapu ya madzi zija musazikhulupirire kwambiri, wophika shuga wodziwa ntchito yake amapambana mayeso onsewo. Bola kugula kwa munthu amene ming'oma yake mukuidziwa, apo ayi wa m'sitolo wokhala ndi chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu.

Ankolo_Chigumula

Kkkkk nonse mukukamba za tizilombo koma vuto lenileni la mayiwa simunaligwire. Vuto ndi loti ayankha bwanji apongozi amene anyamula botolo la malita awiri pa minibasi kuchokera kumudzi. Mukangoti "amayi uchi wanuwu mwana asadye" mawa mudzi onse wamva kuti mkazi wa mtauni uja akutiyesa afiti. Alamu anga njira yake ndi iyi, atumeni abambo a mwanayo akanene okha kwa mayi awo, inu mungokhala phee mukusenda mbatata. Kapena atengeni apongoziwo ku sikelo akamve okha kwa a zaumoyo, azimayi akuluakulu yunifolomu amaimvera kuposa mpongozi. Kenako muwaphikire tiyi wa uchi omwewo muwayamikire kuti wathandiza wamkuluyo, nkhani yatha.

Nangozo265

Ine uchi ndimaulemekeza pa zilonda. Mwana wa achemwali anga anapsa ndi phala pamkono tinapaka uchi chinauma bwinobwino opanda chipsera chachikulu. Bola uchi kusiyana ndi Colgate kapena dzira laliwisi zimene anthu amapaka zija.

NesiWapaZomba

@Nangozo265 pa Colgate ndi dzira tagwirizana, zimenezo zisiyeni ndithu, onjezanipo mafuta ophikira ndi dothi. Uchi uli nazodi mphamvu pa chilonda, shuga wake wochulukayo amakoka madzi ndiye mabakiteriya amavutika kuswana, komanso muli kanthu kochokera kwa njuchi kamene kamapanga mankhwala opha tizilombo otchedwa hydrogen peroxide pang'onopang'ono. Koma umene amagwiritsa ntchito m'zipatala zakunja ndi wokonzedwa mwapadera, anaupha tizilombo tonse ndi cheza, si wa m'botolo la Sobo lomwe sitikudziwa linatsukidwa ndi madzi a pati. Mwana akapsa choyamba ndi madzi ozizira oyera, thirani kwa mphindi 20 osatopa, mphete kapena chibangili vulani msanga pasanatupe. Matuza osaboola. Ngati papsa pankhope, m'manja, kumaliseche kapena malo aakulu kuposa chikhatho cha mwanayo pitani kuchipatala musanapake china chilichonse, chifukwa zopakapakazo ife timayamba kuzichotsa kaye ndipo mwana amalira koopsa. Ndipo wa matenda a shuga chilonda cha kuphazi asasewere nacho kunyumba olo pang'ono, miyendo imadulidwa chifukwa cha kachilonda kakang'ono.

Mphwanga_ku_Leeds

Ndikuwerenga ndili pa bureki kuntchito kuno ku UK. Zimene akunena anesizo ndi zomwezo kuno, kuyambira 2019 malangizo a zaumoyo amati chifuwa wamba cha chimfine yesani kaye uchi musanathamangire ma antibiotic, ndipo mabotolo ambiri m'masitolo analembapo kuti osapatsa mwana wosakwana miyezi 12. Chimene chimandiseketsa ndi uchi wa manuka wa ku New Zealand, kabotolo kakang'ono mtengo wake kumudzi mugula nkhuku zingapo, anzanga akuntchito amagula kuti azithira mu tiyi wa chimfine pamene pakhosi uchi uliwonse umagwira ntchito. Ine ndikabwera ku holide ndimadya wa ku Mzuzu wakuda uja mpaka kukhuta. Chimodzi chokha, ana mukawapatsa usiku azitsuka mano, ndi shuga ameneyu.

MayiWaAwiri

Zikomo nonse mwandimasula. Madala ndanunkhiza, sukuwawasa ndipo thovu palibe, ndauika m'madzi ofunda wasungunukadi ndiye apongozi sanaberedwe. Ankolo njira yanu ndaitenga, abambo awo alankhula ndi mayi awo madzulo ano, ayankha kuti ana a masiku ano ndi ofooka koma avomera, Lachinayi tipitira limodzi ku sikelo. Kakhandako sikakutentha thupi kakuyamwa bwino. Kwatsala ndi a shugawa, ndawawerengera zonse mwalembazi akuti achepetsa ikhale supuni imodzi, ndiye anesi ndikufunseninso, imodziyo n'kuwalekerera kapena botolo ndikabise kwa aneba?