Tisamukire ku Chigumula kapena tikhalebe m'tauni? Thandizeni

Membala wobisa dzina: Moni nonse, a admin chonde mundibisire dzina. Ine ndi amuna anga takhala pa lendi ku Chilomoni zaka 6. Pano abambo apeza malo ku Chigumula, mkati ndithu kuchoka pa msewu wa ku Thyolo, kumene kuli nyumba zikuluzikulu za mipanda kuja. Malowo ndi aakulu, pali mitengo itatu ya mapeyala ndi nthochi kumunsi. Akuti timange kanyumba kakumbuyo tisamuke chaka chino. Ine mtima suli m'malo. Ndimagwira ntchito ku Ginnery Corner, 7:30 ndikhale nditafika, ndipo ana awiri amaphunzira m'tauni. Komanso mlamu wanga wakhala pakhomo pathu miyezi 7, sagula ngakhale sopo, ndipo akangomva za malo aakulu abwera ndi mkazi wake yemwe. Eni nyumba akweza lendi kawiri, mpopi wapanja ukudontha sakonza. Apongozi akuti ndine wokonda tauni. Inu okhala kumeneko, moyo wake ndi wotani?

Bambo a Mphatso: Mayi samukani mawa lomwe! Ine ndili kuno chaka cha 9. Ndinakumba mjigo, pampu ya sola, thanki pamwamba, madzi sindidandaula. Nkhuku zanga, ndiwo za m'dimba langa, zina ndimagula pa Bvumbwe motchipa. Anthu a m'tauni mumakonda kupanikizana ngati matemba.

NaBanda: Malowo mwagula kwa ndani? Ali ndi mapepala? Funso loyamba ndi limeneli.

Mayi a Tadala: Mlamuyo ndiye vuto lanu lenileni. Wanga anabwera kudzakhala sabata imodzi, anatha zaka 2, pochoka ananyamula ndi mbaula yomwe.

Bambo a Mphatso: Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi. Kuseri kwa mpanda wanu kuli mudzi, kuli amfumu. Kukagwa maliro pitani, perekani ufa ndi kangachepe, khalani nawo pansi. Ena amangodutsa pa galimoto atatseka magalasi, kenako akudabwa mawaya abedwa. Mlonda ndi agalu sangakutetezeni ngati anansi sakukudziwani.

Che Jafali: Ndiye mukunena kuti a m'mudzimo ndi akuba? Ife tinabadwira komweko, munatigula minda motchipa, pano mwatseka ndi njira yopita kuchitsime.

Bambo a Mphatso: Achimwene werengani bwino, ine sindinatero. Njira ya kwanga ndi yotsegula, funsani aliyense.

NaPhiri: Chemwali musamvere za mapeyala. Nthawi ya mvula dothi lofiira lija limaterera, kagalimoto kanga kanatitimira m'matope ndili ndi ana mu yunifomu, tinachita kukwera njinga yamoto mpaka pa tala. Ndiye mukafike mu Limbe 7 koloko muone mzere wake. Muzinyamuka 6 isanakwane. Werengerani mafuta a mwezi wonse, mwina aposa lendi mukuithawayo.

Bambo a Mphatso: Vuto ndi galimoto lanu lotsika, osati Chigumula.

NaPhiri: Si tonse tili ndi ya mawilo aakulu ngati inu bambo.

Agogo a Yamikani: June ndi July kumazizira, chiperoni chikabwera zovala siziuma masiku atatu. Ngati ana ali ndi chifuwa ganizani bwino. Ndipo malo a kumunsi kwa nthochiko muone mmene madzi amayendera, tonse tinaona za Freddy mu March 2023.

NaBanda: Ndikubwerezanso, mapepala. Ine ndinagula malo kwa munthu, tinalemberana kakalata pamaso pa mboni, patatha chaka kunabwera mphwake ndi wogula wina akuti ndi malo a banja. Njerwa zanga zili pomwepo mpaka lero. Musanapereke ndalama yotsala onanani ndi amfumu ndi abale onse a wogulitsa, mupite ku ofesi ya zamalo akaone ngati pali lizi, ndipo muitane woyeza malo aike zizindikiro za malire.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A NaPhiri mwandiopseza ndithu, galimoto tili nalo limodzi ndipo abambo amaweruka usiku. A Tadala, mlamuyo dzulo wadya nyama ya ana ya kusukulu, ndagona osalankhula ndi munthu.

NaBanda: Mayi, mapepala alipo kapena palibe?

Bambo a Mphatso: Ndipo mukasamuka mundiuze, ndikupatsani nambala ya amene anandikumbira mjigo.