Kodi "chiliza" ndi "chipilala" ndi chinthu chimodzi? Nanga za nkhwangwa ndi chisanu zikubwera bwanji?

Wofunsa wa ku Chibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Anthu akamanena za mwala wokumbukira amene anaphedwa ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, ena amati chipilala, ena chiliza. Cholondola nchiti? Komanso udzu ukamatchetchedwa pamalo otere tsiku la mwambo litayandikira, pamamveka mwambi wakuti "chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu". Kodi pamenepa akuyamikira kapena akudzudzula?

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Mawu alipo atatu, achimwene, ndipo asasakanizidwe. Mtumbira ndi dothi lounjikidwa pamanda tsiku loika maliro. Chiliza ndi chomwe abale amadzamanga pambuyo pake pamtumbira pomwepo, cha njerwa ndi simenti kapena cha mwala wosema, kuti manda asasowe. Pansi pa chiliza pali munthu. Chipilala chilibe lamulo limenelo: chimaimikidwa pamene chinthu chinachitikira kapena pamene anthu angachione mosavuta. Liwuli ndi lobwereka ku Chingerezi. Baibulo lakale la Chinyanja limatchula mwala wotere kuti choimiritsa, liwu lomwe ndimaona kuti likuyenera kubwerera pakamwa pathu.

Choncho cha pa boma la Nkhata Bay ndi chipilala. Chikukumbutsa anthu amene anawomberedwa padoko pamene ankafuna kuti anzawo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe, tsiku limene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo ladzidzidzi. Manda a ena mwa iwo ali ku Kakumbi, nchifukwa chake nkhata zimaikidwa malo onse awiri.

Mayi wa ku Zolozolo:
Aphunzitsi anena zoona. Ku Livingstonia kuli chitsanzo chosavuta. Mulu wa miyala womangidwa kumeneko ukusonyeza pamene mmishoni Robert Laws ndi mnzake Yuriah Chirwa anagona atafika paphiri la Khondowe, pomwe pali Livingstonia, mu 1894. Laws anachoka m'dziko muno mu 1927 ndipo anamwalira kunja mu 1934, ndiye mwana akamva kuti "chiliza cha Laws" adzakhulupirira kuti mzunguyo ali pansi pamenepo. Ziliza zenizeni za amishoni oyambirira zili ku Bandawe wakale, kumene mishoni ya Livingstonia inasamukira mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear. Za ku Karonga, za asilikali amene anafa pankhondo ya mu Seputembala 1914, nazonso ndi ziliza. Kuno ku Mzuzu ambiri timangoti chikumbusko m'Chitumbuka, ndipo liwu limenelo limakwana zonse ziwiri, mwina nkumene kusokonezaku kumayambira.

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Za mwambi. Nkhwangwa imagona kuseri kwa nyumba miyezi yonse yotentha, mpini nkufumbwa, palibe woifunsa. Ifike Juni, chisanu cha Mzuzu chilowe m'mafupa, aliyense akuti nkhwangwa ili kuti tikawaze nkhuni. Tanthauzo lake: munthu amakumbuka chinthu kapena mnzake pokhapokha vuto likamufinya. Ndi chidzudzulo, ngakhale chimanenedwa mofatsa.

Mkulu wa ku Chiputula:
Pamenepo ndisiyane nanu pang'ono, adada. Akale ankaunenanso popanda mkwiyo, kungofotokoza mmene munthu alili: chosowa ndicho chimadzutsa chikumbumtima. Koma ukanenedwa munthu ataima pachipilala chomera udzu, ndikuvomera, ndi chidzudzulo basi. Nkhwangwa ndi chipilalacho, chisanu ndi alendo amene akubwera mawa.

Mmisiri wa ku Luwinga:
Kukonza kwa mothamanga kumeneku nkumene kumawononga zipilala kuposa mvula. Chofala kwambiri ndi kupaka laimu kapena penti yamafuta pamwamba pa zilembo. Chaka ndi chaka zilembo zimakwiririka mpaka 1959 kumaoneka ngati 1950. Penti yamafuta imatsekeranso chinyezi mkati, ikamasupuka imachoka ndi pulasitala yemwe. Ndere ya kuno, poti mvula ndi yambiri, ichotsedwe ndi madzi ndi burashi yofewa. Burashi yawaya kapena asidi zimadya m'mphepete mwa zilembo, ndipo zikadyeka sizibwerera.

Kwa omanga chatsopano, kaya chiliza kaya chipilala: kumbani maziko mpaka mupeze dothi lolimba, osachepera theka la mita. Konkire akhale muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje wopanda matope, inayi ya miyala ya kwale. Muzithirira madzi masiku 7, apo ayi ming'alu iyamba chaka chisanathe. Zitsulo zamkati zikutidwe ndi konkire wa masentimita 4 kapena 5. Zikayandikira kunja zimachita dzimbiri, zimatupa, nkuphulitsa ngodya. Mtengo wa mizu yoyanza ngati mkuyu usadzalidwe pafupi. Chiliza musachimange pamtumbira wa chaka chomwecho, dikirani mvula idutse dothi likhazikike, chifukwa chikatitimira mbali imodzi palibe chochiwongola. Mawu alembedwe pamwala wolimba wosema. Chikwangwani cha mkuwa chimakopa ogulitsa zitsulo zakale, mawa mupeza mabowo anayi okha.

Mayi wa ku Zolozolo:
Ndiwonjezere za mawu olembawo. Pakhale zaka ziwiri zosiyanitsidwa bwino: chaka chimene chinthu chinachitika ndi chaka chimene mwala unaimikidwa. Nsanja ya wotchi ya ku Mangochi inamangidwa mu 1903, koma Mfumukazi Victoria amene ikumukumbukira anamwalira mu 1901. Stone House, nyumba imene Laws ankakhalamo ku Livingstonia, nayo ndi ya 1903 pamene mishoni inafika paphiripo mu 1894. Maina a anthu afunsidwe kwa abale awo ndi mafumu asanasemedwe, chifukwa dzina la Chitonga kapena la Chitumbuka likalembedwa mwa Chichewa banja limadandaula mpaka kale.

Mmisiri wa ku Luwinga:
Zoona amama. Ndipo chipilala chakale chotetezedwa ndi boma sichikonzedwa ndi aliyense wongofuna. Lamulo limafuna chilolezo cha nthambi yoona za zinthu zakale. Cha m'mbali mwa msewu ngati M1 kapena M5, funsani kaye oyang'anira misewu malire ake, chifukwa msewu ukamakuzidwa chomwe chili mkati mwa malirewo chimagumulidwa.