Kodi kunenepa kwambiri ndi matenda a mgonagona ngati BP?

Mayi wa ku Area 25:
Ndili ndi zaka 44, msinkhu wanga ndi mamita 1.60 ndipo ndikulemera makilogalamu 92. Chaka chatha ndinadzimana kwambiri, ndinasiya mandasi ndi chipisi, ndipo pa miyezi isanu ndinatsika ndi makilogalamu 8, koma lero onsewo abwerera ngakhale kuti sindikuona ngati ndikudya kuposa kale. Dokotala amene amandiona pa vuto la kuthamanga kwa magazi anandiuza kuti kunenepa kwangaku ndi matenda a mgonagona, ofunika kuwasamala moyo wanga wonse, ndipo mawu amenewa anandifooketsa. Ngati thupi limabwerera pamene linali, kuvutika konseku n'kwa chiyani?

Namwino wopuma pantchito:
Mayi, dokotala wanu ananena zoona, ndipo kubwerera kwa makilogalamuwo sikukutanthauza kuti ndinu waulesi. Munthu akawonda, thupi limatenga zimenezo ngati nyengo ya njala ndipo limayamba kudziteteza. Homoni yotchedwa ghrelin, imene imautsa njala, imachuluka, pamene ya leptin, imene imauza ubongo kuti thupi lili ndi mafuta okwanira, imachepa, ndiponso thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu zochepa kusiyana ndi kale. N'chifukwa chake mukhoza kudya mbale yomweyo ya kale koma n'kumanenepa. Bungwe la madokotala ku America, la American Medical Association, linavomereza mu 2013 kuti kunenepa mopitirira muyezo ndi matenda, osati khalidwe loipa.

Muyezo wa BMI, umene umasonyeza ngati kulemera kwa munthu kukugwirizana ndi msinkhu wake, umapezeka pogawa makilogalamu a kulemera kwanu ndi mamita a msinkhu wanu ochulukitsidwa ndi mamita omwewo. Wanu ndi pafupifupi 36, ndipo kuyambira pa 30 munthu amakhala m'gulu la onenepa kwambiri. Komabe musadzizunze ndi maganizo obwerera pa thupi la pautsikana. Kutsika ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwanu, amene kwa inu ndi makilogalamu 5 mpaka 9, n'kokwanira kuthandiza BP, shuga wa m'magazi ndi mawondo, bola mukhazikike pamenepo. Munthu wa BP sasiya mankhwala chifukwa choti lero makina aonetsa bwino, ndipo apanso n'chimodzimodzi: sankhani kadyedwe kamene mungakwanitse zaka khumi, osati ka miyezi isanu. Muziyezanso chiuno ndi tepi ya telala, popeza mafuta a pamimba ndiwo oopsa kwambiri, ndipo kwa mayi chiopsezo chimakula akapitirira masentimita 88.

Mphunzitsi wa ku Kasungu:
Ine chimene chinandivuta kwambiri si njala koma pakamwa pa anthu. Nditayamba kuchepa thupi, achibale kumudzi anayamba kunong'onezana kuti mwina ndili ndi kachilombo, ndipo azakhali anga anafika pofunsa mkazi wanga ngati anasiya kundiphikira. Kwathu kuno munthu wonenepa timati zinthu zikumuyendera, choncho amene akufuna kuchepa thupi amalimbana ndi thupi lake komanso ndi abale ake. Ndipo vutoli si la anthu ochepa, chifukwa kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kuposa muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chokwera kwambiri.

Nsima sindinasiye, ndipo aliyense wokuuzani kuti Mmalawi asiye nsima sakufuna kuti mupirire. Ndinachoka pa mitanda inayi kufika pa iwiri, ya mgaiwa, ndipo theka la mbale limakhala bonongwe, nkhwani kapena chisoso, pambali pake nyemba kapena usipa. Mgaiwanso umanenepetsa ukachuluka, kungoti umakhalitsa m'mimba. Shuga wa mu tiyi ndinachepetsa pang'onopang'ono kuchoka pa masupuni anayi, ndipo sobo ndi thobwa lotsekemera ndinazisiyira alendo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata zoyenda ndawala kapena ntchito yofanana nayo, ndipo ine ndimazipeza posakwera kabaza popita kusukulu. Padutsa zaka zinayi, ndipo nyengo ya Khirisimasi iliyonse ndimakwera pang'ono kenako n'kutsikanso.

Mlongo wanu wa ku Leeds:
Kuno ku Britain anthu ambiri akubaya jakisoni wa semaglutide, amene amagulitsidwa ndi dzina la Wegovy kapena Ozempic, kamodzi pa sabata. Amachepetsadi chilakolako cha chakudya, koma ndi wodula, ena amawachititsa nseru, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti amene anasiya anabwezera pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene anataya pasanathe chaka chimodzi. Musagule jakisoniyu kapena tiyi wochepetsa thupi kwa ogulitsa a pa Facebook ndi WhatsApp, pakuti mu 2024 bungwe la WHO linachenjeza kuti pamsika papezeka Ozempic wachinyengo.

Namwino wopuma pantchito:
Ndinaiwala mfundo imodzi. Mankhwala ena amawonjezera thupi, monga prednisolone, jakisoni wolera wa Depo-Provera kwa amayi ena, komanso ma ARV okhala ndi dolutegravir amene ambiri akumwa masiku ano. Musasiye mankhwala alionse panokha, makamaka ma ARV, koma mutenge buku lanu la kuchipatala mukakambirane ndi dokotala, ndipo mukapemphe kuti akuyezeni shuga.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Ndayeza chiuno ndipo ndapeza masentimita 104, komanso ndakhala pa jakisoni wolera zaka zisanu ndi chimodzi, zimene sindinaganizepo zowauza adokotala. Ndikawafunsa Lachinayi likubwerali. Koma aphunzitsi, bambo a kunyumba kwanga amakana mgaiwa kuti ndi chakudya cha kusukulu yogonera, ndiye inu kwanuko mumaphika miphika iwiri kapena munawanyengerera bwanji apabanja?