Nyanja ikudya msewu wa m'mbali mwa gombe, titani?

Wa_ku_Chia:
Akuluakulu, chiyambire 2024 pamene nyanja inakwera kwambiri, mafunde akumafika m'mphepete mwa timisewu totsikira kugombe kuno ku Nkhotakota, ndipo dothi likugumuka pansi pa msewu. Anthu akuthira matumba a mchenga koma mwera ukangowomba, onse amapita. Njira yolimba ndi iti? Magabiyoni, mabokosi a waya odzaza miyala aja, amathandizadi?

Mmisiri_Salima:
Amathandiza, achimwene, koma akaikidwa bwino. Vuto la Nyanja ya Malawi ndi nthawi yake: madzi amafika pachimake cha m'ma April ndi May, kenako mwera n'kuyamba madzi adakali pamwamba. Ndiye mafunde sagunda pamwamba pa msewu ayi, amakumba kunsi kwa chiunda. Kunsi kukadyeka, pamwamba pamagwa pokha.

Choncho yambani ndi phazi. Kumbani ngalande yakuya pafupifupi mita imodzi kutsika kuchokera pamchenga, gabiyoni woyamba akhale wokwiriridwa. Mabokosi ambiri amakhala mamita 2 m'litali, mita 1 m'lifupi ndi mita 1 m'mwamba. Miyala ikhale yolimba, ya masentimita 10 mpaka 20, yokulirapo kuposa mabowo a waya, ndipo muziisanja ndi manja, osangokhuthula ndi wilibala. Mzere wachiwiri ubwerere m'mbuyo pang'ono ngati masitepe, mabokosi onse omangidwa pamodzi ndi waya.

Chimene ambiri amasiya ndi nsalu ya geotextile, yomwe imalola madzi kudutsa koma n'kutsekereza dothi, kumbuyo ndi kunsi kwa magabiyoni. Popanda nsaluyi, funde likamabwerera limayamwa dothi kudzera m'mipata ya miyala. Khoma limaoneka lili bwinobwino, kuseri kuli dzenje, tsiku lina phula n'kungotitimira. Waya musankhe wokutidwa ndi pulasitiki. Madzi athu si amchere, koma mchenga umapala waya mpaka dzimbiri n'kulowa.

Ntchitoyi igwiridwe cha m'ma October mpaka December nyanja ikaphwera.

NaBanda:
Zonsezo n'zoona bambo, koma tisaiwale kuti madzi ambiri owononga msewu waukulu wa M5 amachokera kumtunda. Mitsinje ngati Bua, Dwangwa, Kaombe ndi Linthipe imatsika ndi mchenga wambiri, ndipo nyanja ikakhala yodzaza, madzi a m'mitsinjemo amalephera kutuluka msanga, amabwerera n'kuima m'mbali mwa msewu. Madzi akaima masiku angapo amalowa pansi pa phula, makamaka pa dothi lamakande, galimoto yolemera ikadutsa msewu n'kusweka ngati chigumu.

Makalavati, mapayipi odutsitsa madzi pansi pa msewu, otambalala mamilimita 600 amatseka msanga ndipo munthu sangalowemo kukachotsa mchenga. Ndi bwino kuyambira 900. Potulukira madzi pakhale pansi pa konkire kapena miyala yomangidwa ndi simenti, apo ayi madzi amakumba kunsi kwa payipi mpaka kuigwetsa. Ndipo azitsukidwa mvula isanayambe, osadikira January.

Wa_ku_Chia:
Zikomo. Nanga pamene ndalama za magabiyoni palibe, mudzi ungachitepo chiyani?

Mlangizi_Benga:
Vetiva, koma pamalo pake. Mubzale pachiunda pamwamba pa pamene mafunde amafika, m'mizere yopingasa, mapesi motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kumayambiriro kwa dzinja. Mizu yake imatsika pansi kupitirira mamita 2, koma chaka choyamba ndi wanthete, mbuzi ndi moto zisamufike. M'madzi enieniwo vetiva yekha sangalimbane ndi mwera. Pamenepo bango ndi amene amafooketsa funde, ndiye amfumu aletse kudula bango ndi kukumba mchenga kutsogolo kwa msewu. Ngolo iliyonse ya mchenga yochoka pamenepo ikufupikitsa mtunda pakati pa madzi ndi msewu.

Matumba a mchenga aja amawola ndi dzuwa miyezi yochepa chabe. Ngati mulibiretu china, sakanizani simenti pang'ono ndi mchengawo, muwasanje mopingasa ngati njerwa, mzere woyamba wokwiriridwa pansi.